Ndinkapeta Mchenga kwa Che Yusufu

Amene wandikakamiza kulemba izi ndi mwana wanga Tiyamike. Anandigulira kope ndi bolopeni nkundiuza kuti, "Amayi, nkhani yanuyi mwatopetsa nayo anthu kuchigayo ndi kumaliro komwe. Ilembeni kamodzi, ana anga adzawerenge okha." Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 5, ndiye ndilemba momwe ndimayankhulira, pomwe ndakhotetsa muwongole nokha. Za ubwana wanga kuno ku Msakambewa ndizisiya, palibe chachilendo, tinkalima fodya ndi chimanga ngati wina aliyense. Ndiyambira pomwe ndinalowa ntchito, chifukwa chifuwa chikundivutachi chinachokera kumeneko, ndipo mantha omwe ndili nawo pa chifuwa cha Tiyamike anachokeranso konko.

Malomo, chaka chimene bambo ake a Tiyamike anamwalira

Titameta maliro ndinaona kuti munda wokha sundisunga ine ndi mwana. Mayi anga aang'ono, omwe ankagulitsa tomato pa Malomo, anandiuza kuti Che Yusufu akufuna mzimayi wosesa. Che Yusufu anali ndi sitolo ya zipangizo za njinga ndi misomali, ndipo kuseri kwa nyumba yawo kunali shedi ya malata yowotcherera zitsulo. Anali munthu wamtali, woyankhula motsitsa, kachipewa koyera sikankachoka kumutu. Lachisanu masana tinkatseka kuti apite kumzikiti, ine nkupezerapo mpata wochapa. Akazi awo ndi amene anandiphunzitsa mandasi ofewa aja ndimakuphikirani pa Khirisimasi, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Nditasesa pafupifupi chaka, m'bale wawo wa ku Joni anawatumizira bokosi. Ndilifotokoze, poti ambiri a inu simunalionepo. Ndi bokosi lachitsulo la miyendo inayi, kukula kwake ngati kabati ya mbale. Kutsogolo kuli zenera lagalasi, m'munsi mwa zeneralo muli mabowo awiri omatiramo magolovesi aatali a labala. Munthu amaika chitsulo chadzimbiri m'katimo, nkutseka chitseko, nkulowetsa manja m'magolovesi muja, nkugwira kamfuti kamene kali m'kati momwemo. Pambali pamakhala kompulesa, makina opopa mpweya, ndi thanki yake yofiira. Akaponda chopondera, mpweya umathamangitsa mchenga pa kamfuti kaja, mchengawo nkumapala dzimbiri ndi penti yakale mpaka chitsulo chiyere ngati supuni yatsopano. Tsiku loyamba anthu anasiya msika kubwera kudzasuzumira pazenera.

Woyendetsa bokosilo anali a Lungu, owotcherera zitsulo, munthu wanthabwala. Akazi awo anali a Nachisale ngati ine, ndiye ankangonditi alamu. Bokosilo linabwera ndi matumba ake a mchenga wagalasi, galasi lopera bwino, wooneka ngati shuga. Ntchito inachuluka. Alimi ankabweretsa malimu a ngolo, mapulawo, majeke odindira fodya, anyamata a kabaza nawo mafelemu a njinga zawo. Mchenga wagalasi uja unayamba kuchepa, mpaka unatha. M'bale wa ku Joni ankangoti atumiza, atumiza.

Tsiku lina a Lungu anati, "Bwana, mchenga ndi mchenga basi. Kudambo kuno wangoti mbwee, tikudikiriranji wa ku Joni?"

Anakatapa ndowa imodzi nkuthira m'bokosi. Kamfuti kanangotsokomola kawiri nkutsekeka. Anachotsa, nkuthiranso, chimodzimodzi. Ine ndinali ndi tsache langa pakhomo, ndikuseka.

"Alamu, mukuseka chiyani? Bwerani muyendetse inuyo."

"Ine sindiyendetsa. Koma ufa wonyowa, wamisere, mungausefe? Uyanikeni kaye."

Che Yusufu anandiyang'ana nkunena kuti, "A Nachisale, tayesani."

Ndinauyanika pamphasa ngati ufa, ukuuma ndikutembenuza ndi dzanja, kenako nkuusefa ndi sefa ya kukhitchini. Kamfuti kanalira bwinobwino tsiku lonse. Dzinja, dzuwa likasowa, ndinkaukazinga pachiwaya ngati mtedza, odutsa nkumafunsa kuti a Nachisale, njala yafika pokazinga dothi kodi.

Tsono vuto linali lina. Mchenga wakudambo ukamenya chitsulo umaphwanyika, nkusakanikirana ndi dzimbiri ndi penti, nkugwera pansi pa bokosi uli fumbi lokhalokha. Ukaubwezeramo choncho, m'kati mumachita mdima, a Lungu saona kanthu pazenera. Kuutaya wonse kunkandiwawa, chifukwa wosenza kuchokera kudambo ndinali ine, ndipo ndi chitunda. Ndiye ndinachita zomwe mzimayi aliyense wa kwathu akanachita. Ndinakatenga lichero langa kunyumba nkuyamba kuupeta. Fumbi loyera linkauluka, mchenga wolemera nkumatsala m'lichero, woyera bwino, wokonzeka kubwerera m'bokosi. Che Yusufu ataona anati, "Kuyambira lero tsache mulisiye. Inu ndinu a mchenga." Ndinanyada, ana anga, sindibisa. Ndinkaweruka nditayera kuyambira duku mpaka kumapazi, nsidze zomwe, azimayi pamjigo nkumanditi wa kuchigayo. Ndikamina, zinkatuluka zoyera. Ndinkangoti ndi fumbi, fumbi ndinakula nalo, posesa, popuntha soya, posankha fodya m'chigafa. A Lungu ankaweruka malaya ali bwinobwino, poti iwo anali kuseri kwa galasi.

Ntchisi Boma, chaka chimene Tiyamike anakwatiwa

Che Yusufu atayamba kuvutika ndi matenda a shuga, anabwereketsa bokosi ndi kompulesa kwa mphwawo Rashidi, amene anali ndi shedi yake kuseri kwa nyumba ku Boma. Ine ndi a Lungu anatisamutsa limodzi ndi makinawo, tonse pa lole imodzi, ine nditakumbatira lichero ndi chiwaya. Rashidi anandipatsa kanyumba ka zipinda ziwiri m'kati mwa mpanda womwewo. Anali mnyamata wachangu, foni ili kukhutu nthawi zonse, koma wankhanza ayi. Amayi anga atamwalira anandipatsa galimoto yonyamula maliro, osandiwerengera kanthu.

Zosowa ku Boma zinali zambiri. Magetsi akathima tinkangokhala pansi pa mtengo wa mango, a Lungu akunena nkhani zabodza za ku Mozambiki komwe sanapiteko. Magetsiwo akangoyaka, aliyense ankathamanga, kompulesa nkuyamba kugunda mpaka malata kunjenjemera. Rashidi anagula jenereta, mafuta nkuyamba kusowa, nkumagona pamzere ndi zigubu. Dzinja msewu ukaterera, lamba wa kompulesa akaduka, tinkadikira masiku kuti wina abwere naye kuchokera ku Lilongwe. M'mawa uliwonse ndinkagwada kutsegula kampopi ka pansi pa thanki kuti madzi a dzimbiri atuluke, chifukwa ukaiwala, mpweya umatuluka wonyowa, mchenga wanga wokazinga uja nkugwirana ngati phala. Mchenga wagalasi unkabwera mwa apo ndi apo, thumba limodzi, nkuthanso. Wakudambo ndiye unatisunga.

Chinthu chimodzi chimene ndimachiganizira tsopano ndi mpanda. Pa Malomo ndinkapetera pabwalo, mphepo nkumatengako fumbi lina. Ku Boma kunali mpanda wa njerwa mbali zonse, ndipo akazi a Rashidi ankadandaula kuti fumbi likudetsa zovala pachingwe, ndiye ndinkapetera pakona, kuseri kwa shedi, kopanda mphepo. Fumbi linkakwera nkundibwerera kumaso. Zaka zinapita choncho. Ndinayamba kuona kuti ndikamachokera kumsika ndi kathumba ka ndiwo, ndikuima panjira kuti mtima ukhale pansi. Ndinkati ndi ukalamba. A Lungu ankati, "Alamu, mandasi achuluka."

Chaka chimene ndinagona

Chifuwa chinayamba titangokolola. Ndinawonda, zitenje nkumazungulira kawiri. Kuchipatala anapima makhololo nkupeza chifuwa chachikulu, anandipatsa mankhwala a miyezi yambiri, nkundiuza kuti ntchito ndiyambe ndaima. Nthawi yomweyo nkuti Tiyamike atabwera kudzakhala nane ndi ana ake awiri, chifukwa mwamuna wake anapita ku Joni nkungoti zii, foni osayankha. Kwathu kuno mayi akadwala, mwana amakamugwirizira ntchito kuti malo asapite kwa wina. Tiyamike sanadikire kuti ndimuuze. Anamanga duku nkupita kwa Rashidi, Rashidi nkuti, "Malo a amayi anu sitingapatse mlendo. Lichero mumalidziwa?" Mwana wanga kupeta ndinamuphunzitsa ndekha ali wamng'ono, amapeta kuposa ine. Ndinkagona pamphasa m'nyumba ndikumva lichero likulira kuseri kwa khoma, pha, pha, pha, mtima wanga nkumakhala m'malo kuti ana adya. Anapeta chilimwe chonse, mvula nkugwa, akupetabe.

Mankhwala nditamaliza anati chifuwa chachikulu chatha. Koma mpweya wanga sunabwerere. Kungochoka pakhomo kupita kubafa, ndinkafika ndili wefuwefu. Ananditumiza ku Lilongwe kuti akandijambule m'chifuwa. Dokotala wake anali mzimayi, msinkhu wa Tiyamike yemwe. Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, ine nkumayang'ana nkhope yake.

"Amayi, munagwirapo ntchito kumgodi? Kapena yoswa miyala?"

"Ayi. Ine ntchito yanga ndi yopeta."

"Chimanga?"

"Mchenga."

Anaika cholembera pansi nkundiuza kuti ndifotokoze bwinobwino. Inu mukundidziwa, ndinayambira pa Che Yusufu ndi kachipewa kawo, koma sanandidule. Nditamaliza anandionetsa chithunzi chija. M'mapapo monse munali timadontho toyera, ngati wina wawazamo ufa. Anati mchenga ukaphwanyika umatulutsa fumbi losaoneka ndi maso, lakuthwa, likalowa m'mapapo silitulukanso, ndipo palibe mankhwala olichotsa. Anati chifuwa chachikulu chija chinapeza khomo lotsegula kale.

Kenako anafunsa, "Nanga panopa, inu mukudwala chonchi, akupeta ndani?"

Ndinati, "Mwana wanga."

"Asiye. Osati mwezi wamawa, asiye lero."

"Akamamanga chitenje pamphuno?"

"Chitenje sichigwira fumbi limeneli, ngakhale timasiki wamba sitigwira."

"Nanga miyezi wapeta kaleyi, lalowa?"

Sanandinamize. Anati, "Sindingadziwe lero, amayi. Limatha kubisala zaka. Mwina palibe kanthu. Mudzaonere pa mpweya wake akamakwera chitunda."

Mu minibasi yobwerera sindinayankhule ndi munthu, ine amene ndimadziwana ndi basi yonse tisanafike pa Mponela. Ndinkangoona nsidze za Tiyamike zitayera, momwe zanga zinkayerera. Ndinkaganizanso za nyumba, poti inali ya wantchito, za ana awiri aja omwe anali atazolowera sukulu ya ku Boma, ndi za Rashidi amene ananyamula maliro a amayi anga. Nyengo ya fodya inali itayandikira, majeke a alimi atadzaza bwalo, onse ofuna kupalidwa.

Nditafika ndinamuuza Tiyamike zonse. Anamvetsera akusenda mbatata, osandiyang'ana.

"Amayi, inu mwapeta zaka zonsezi. Ine sindinathe ndi chaka chomwe. Ndipete mpaka majekewa athe, kenako tione."

"Adokotala ati lero."

"Adokotalawo atipatsa nyumba? Ana awa ndipite nawo kuti, kumudzi kopanda ndi nkhokwe yomwe?"

M'mawa mwake ndinamva lichero kuseri kwa khoma. Phokoso lomwe lija linkandigonetsa tulo, tsopano lililonse linkandibaya pachifuwa. Ndinavala nkupita kwa Rashidi, chithunzi chili m'manja. Anachotsa foni kukhutu, nkumvetsera, nkugwira pachibwano.

"Pepani amayi, sindinkadziwa. Koma wagalasi kulibe, ogulitsa akuti ndalama zakunja zikusowa. Majeke awa ndinalandira kale. Ndigula timasiki ta kufamase tija."

"Adokotala ati sitigwira."

"Ndiye nditani? Ngati Tiyamike asiya, ndiyenera kupeza wina. Ndipo mukudziwa nokha, nyumba ija imatsata ntchito."

Sankandiopseza, ankangonena momwe zinthu zinalili. Ndinamusiya pomwepo. Kenako ndinazungulira shedi, pang'onopang'ono, ndikugwira khoma. Tiyamike anali pakona paja, chitenje chili pamphuno, fumbi litamukuta ngati nkhungu ya m'phiri la Ntchisi. Ndinagwira mkombero wa lichero.

"Amayi, tasiyani, mukutayitsa mchenga."

"Lichero ili ndi langa. Ndinabwera nalo kuchokera ku Malomo, apa ndinasoka ndekha. Ndalifuna."

"Mukundichititsa manyazi pamaso pa anthu."

"Manyazi uchita, udzaiwala. Bweretsa."

Tinakokana pang'ono, koma chifuwa chinandigwira, ndinatsokomola mpaka kugwada. Iye analisiya kuti andigwire ine. Nditapeza mpweya ndinalitenga nkuliika pamoto wa pansi pa chiwaya. Kompulesa inasiya kulira. A Lungu anatulutsa manja m'magolovesi nkubwera kudzaima pambali panga, kuonerera likupsa. Kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni analibe nthabwala. Anangoti, "Alamu, zaka zonsezi ine ndinali kuseri kwa galasi."

Lichero ndi lotchipa, ndinkadziwa kuti pamsika alipo ambiri. Ndiye ndinatenga mpando wanga nkukakhala pageti. Rashidi anaitana azimayi awiri a ganyu, atafika ndinawapatsa moni, nkuwafunsa kwawo, nkupezeka kuti wina ndi wa kufupi ndi Malomo, timadziwana ndi azakhali ake. Ndinakweza chithunzi chija padzuwa nkuwaonetsa timadontho, nkuwauza kuti andimvere momwe ndikupumira. Anabwerera. Tsiku lotsatira kunabwera wina, nayenso anabwerera. Alimi obwera kudzaona majeke awo nawonso ndinkawafotokozera, ofuna ndi osafuna omwe. Pakamwa pangapa, pomwe mumati sipatseka, panagwira ntchito sabata imeneyo. Mapeto ake a Lungu anapala majekewo ndi bulashi yawaya ndi sandipepa, ntchito yochedwa, alimi ena nkutenga awo mokwiya. Rashidi anabwera madzulo ena, maso ali pansi, nkuti, "Amayi, mwezi ukatha nyumba ija ndiifuna." Ndinati ndamva, bwana. A Lungu ndi amene anatithandiza kukweza katundu.

Msakambewa, masiku ano

Tinafikira m'nyumba ya malemu amayi anga, denga likudontha. Dzinja limenelo linali lowawa, tinadalira maganyu a Tiyamike ndi chifundo cha achimwene anga. Tiyamike sankandiyankhula, kupatula kuti madzi awo, mankhwala mwamwa. Ndinkamumva akuuza ana kuti agogo anu ndi amene anatichotsa ku Boma. Sindinamutsutse, poti zinali zoona.

Chimanga chitayamba kucha, kunabwera njinga yamoto pakhomo, kumbuyo kuli Che Yusufu, atakalamba, akuyendera ndodo. Anabweretsa shuga ndi sopo. Anakhala pampando nthawi yaitali akumvetsera momwe ndikupumira, kenako anati, "A Nachisale, amene ndinati tayesani ndine."

"Amene ndinakatenga lichero ndine, bwana. Tonse sitinkadziwa."

Anandiuza kuti bokosi lija likadali lawo, ndipo amuuza Rashidi kuti mchenga wakudambo usadzalowemonso. Wagalasi ukasowa, bokosi lizikhala lotseka. Tiyamike anawaphikira tiyi, ndipo atapita anakhala pafupi nane pakhonde nkuyamba kunditola nsabwe zomwe ndilibe. Kuyankhulana kunayambira pomwepo.

Koma mantha sanathe. Mjigo wathu uli kumunsi, kubwera kuno ndi chitunda chimene ine sindinachitsikenso chibwerereni. Tiyamike akamakwera ndi ndowa pamutu, ndinayamba kumamuponyera mafunso ali patali, kuti mbuzi wazimanga kodi, kumjigo kunali ndani, ndicholinga choti ayankhe akukwera, ndimve mawu ake ngati akuduka. Sanachedwe kundizindikira.

"Amayi, za mbuzizo mukuzidziwa kale. Mukufuna kumva ngati ndikuwefuka."

"Ndangofunsa."

"Chabwino, musamavutike ndi mafunso."

Kuyambira tsiku limenelo akafika pamtengo wa muwanga, pomwe chitunda chimayambira, amayamba kuimba nyimbo za kwaya yawo, mokweza, mpaka adzatule ndowa pakhonde. Anthu amati Tiyamike ndi wosangalala masiku ano. Ine ndimasiya chilichonse chomwe ndikuchita, nkutchera khutu kuti ndimve ngati apumira pakati pa mawu. Mpaka pano amafika nayo nyimbo yonse. Mwezi wa Juni uno anatsokomola masiku angapo, kuzizira kwa kuno mukukudziwa, ana omwe ankatsokomola. Iye anati ndi chimfine. Chinathadi. Koma m'masiku amenewo sankaimba, ndipo chakudya sichinkandilowa.

A Lungu anandiimbira foni chaka chatha nkundiuza kuti mabokosi otere achuluka tsopano, m'matauni ang'onoang'ono ambiri, kuseri kwa nyumba za anthu, ndipo mchenga wagalasi ukusowabe. Ine sindingathenso kukakhala pageti la aliyense, mpweya wake ndilibe. Ndiye inu amene mwawerenga izi, adzukulu anga ndi ena onse, kopeli lisagone m'sutukesi. Mubwereke anzanu, muwerengere amene sadziwa kuwerenga. Ndipo tsiku lina mukamadutsa pa shedi yowotcherera zitsulo, nkumva lichero likulira kuseri, kumene kulibe chimanga, musapitirire. Lowani, mumupatse moni mayiyo, mumufunse kwawo, kenako mumuuze za ine.